Kanema wa pakhomo pathu ku Mabvuku ndi wa ku Joina City

Munthu akandifunsa kuti filimu yakutiyakuti akaonere ku holo ya kanema kapena angoidikira ifike pa foni, ndimayamba ndamufunsa kuti akaonera ndi ndani. Kwa ine nkhani yagona pamenepo. Pali mafilimu ofuna mdima, chinsalu chachikulu ndi khamu la anthu osawadziwa. Palinso ena ofuna mphasa, tiyi ndi achibale amene sachita manyazi kuyankha zomwe akuona.

Holo ndimaikonda, musandimve molakwa. Ndikapeza kangachepe kumapeto kwa mwezi ndinkakwera kombi kuchoka kuno ku Mabvuku, mu Harare, kupita m'tauni, n'kukalowa m'holo ya Ster-Kinekor ya m'nyumba ya masitolo ya Joina City. Ya ku Sam Levy's Village ku Borrowdale inali yokongola, koma kwa ife a mbali ino ndi ulendo wa makombi awiri, choncho ndinkafikako mwa apo ndi apo. Chimene ndimalipirira kwenikweni ndi phokoso lija lomwe limagunda mpaka m'chifuwa, komanso kuti kwa maola awiri palibe wondituma, palibe wogogoda pachitseko kudzabwereka mchere.

Black Panther ndinaionera ku holo mu 2018, ndipo siikanakoma chimodzimodzi pa TV yathu. Holo inali yodzaza, ena atatchena zitenje ndi maduku ngati akupita ku ukwati. Tonse tinkadikira munthu mmodzi, Danai Gurira, mwana wokulira mu Harare momwe muno, yemwe ankasewera ngati Okoye, mkulu wa asilikali achikazi. Pali malo ena pomwe amavula wigi n'kumuponyera mdani kumaso, kenaka n'kutulutsa mkondo. Mayi wina kumbuyo kwanga anaimba nthungululu yaitali, holo yonse n'kuwomba m'manja mpaka mawu a mufilimu osamvekanso. Mnyamata amene anakhala pambali panga, yemwe sindinamuonepo chibadwire, anandigwira paphewa akuseka. Chimwemwe chotere pabalaza sichipezeka, chimafuna anthu ambiri.

Koma tiwerengere bwino. Tikiti, chimanga chokazinga chija amagulitsa pakhomo, chakumwa, kombi yopita ndi yobwerera, ndipo filimu ikatha usiku makombi amakhala atasowa kale. Munthu mmodzi ukhoza kulimba mtima. Kutenga banja lonse, amayi, agogo, ana a achemwali anga, ndiye kuti mwezi umenewo ndiwo zivuta. Bambo anga amakonda kusimba za baisikopo ya ku Mbare, kumaholo ngati Stodart, komwe anyamata ankakhamukira kukaona akauboyi ndi timakobiri tochepa, akukuwa ndi kuliza mluzu ngwazi ikatulukira pa hatchi. Maholo ambiri akale a m'tauni anatsekedwa, ena anasanduka matchalitchi. Otsalawa ali m'nyumba zikuluzikulu za masitolo, ndipo agogo anga sangaponde kumeneko ngakhale mutawalipirira. Amati kuzizira kwa makina amphepo kumawalowa m'mafupa.

Ndiye mafilimu awiri amene ndimawakonda kuposa ena onse ndinawaonera pakhomo, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi pomwe amayenera.

Yoyamba ndi Neria, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, yomwe anaitsogolera Godwin Mawuru kuchokera pa nkhani ya Tsitsi Dangarembga. Aliyense wokulira mu Zimbabwe amaidziwa: mayi wamwalira mwamuna, mlamu wake Phineas akubwera kudzatenga nyumba, ndalama ndi katundu yense, Jesesi Mungoshi akulira mosatulutsa mawu, Oliver Mtukudzi ngati mlongo wake akumutonthoza ndi gitala. Kwathu filimu imeneyi siyenda mphindi khumi osaimitsidwa. Azakhali anga, omwe anaona zotere ndi maso awo kumudzi, amaloza TV ndi chala n'kumati, “Uyu ndiye mfiti yeniyeni, wolodza masana dzuwa likuswa mtengo!” Amayi amayankha kuti mwambo sunali wotero, mlamu ankayenera kusamala ana amasiye, umbombo ndi umene unaupotoza. Kukangana kumayambira pomwepo mpaka tiyi kuzizira. Zimbabwe inasintha lamulo la chuma cha masiye mu 1997 kuti mkazi ndi ana azitetezedwa, Malawi nayo inakhazikitsa lake latsopano mu 2011, komabe mukamva mmene amayiwa amakambira, mudziwa kuti bala lake silinapole. Atamwalira Mtukudzi mu Januwale 2019 tinaionanso, ndipo tsiku limenelo lokha azakhali sanakangane ndi aliyense.

Yachiwiri ndiyo inandikhudza mpaka pano. The Boy Who Harnessed the Wind inatuluka pa Netflix mu 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anachotsedwa sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002, n'kumaphunzira yekha m'mabuku a ku laibulale mpaka kupanga makina oyendera mphepo opanga magetsi. Anagwiritsa ntchito zidutswa za njinga, zitsulo zotola kudzala ndi mitengo ya bulugama. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, yemwenso anasewera ngati bambo ake a William, ndipo mbali yaikulu ya filimuyi ndi ya m'Chichewa.

Muyenera kumvetsa kuti ife obadwira kuno ku Zimbabwe m'mabanja ochokera ku Malawi, Chichewa ndi chiyankhulo cha m'nyumba. Panja timayankhula Chishona, kusukulu ndi kuntchito Chingerezi. Ngakhale malamulo oyendetsera dziko a 2013 anachiika pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, sitinazolowere kuchimva chikutuluka mu TV. Choncho madzulo amene mng'ono wanga analumikiza laputopu yake ku TV, anthu a mufilimu n'kuyamba kupatsana moni wakwathu, agogo anasiya kusenda mtedza, lichero lili pamwendo.

“Iwe, taonjezera mawuwo. Amenewa ndi anthu akwathu?”

“Eya agogo, ndi ku Kasungu.”

“Ku Kasungu? Tasendeza mpandowu kuno, mwanawe.”

Sanachedwe kuzindikira kuti ena mwa osewerawo si Amalawi. Mnyamata wosewera ngati William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya, ndipo Ejiofor anachita kuphunzira Chichewa chifukwa cha filimuyi. Agogo ankawakonza katchulidwe mokoma mtima, ngati mmene amachitira ndi zidzukulutudzi zawo. Atayankhula Lily Banda, yemwe ndi Mmalawi ndipo anasewera ngati mchemwali wake wa William, anagwedeza mutu n'kunena kuti, “Uyu yekha ndiye wayamwa bere lakwathu.” Gule wamkulu atatulukira, ana anakuwa ndi chisangalalo, poti zilombo amaziona kuno komwe ku Mabvuku ndi ku Tafara pa maliro a akuluakulu, ndipo sankaganiza kuti anthu a kunja angazijambule mwaulemu chonchi.

Itafika njala m'nyumba munasintha. Pali pomwe banja la William likuyamba kudya kamodzi patsiku, ndi pomwe anthu akukanganirana pamzere wogula chimanga. Agogo anakweza dzanja. “Taimika kaye.” Mng'ono wanga anaimika, nkhope ya mayi wa William itauma pa TV. Ndipo agogo anayamba kutiuza za chaka chimenecho, ali kuno ku Harare abale awo ali kumudzi: makalata amene ankabwera ndi anthu a pabasi, mmene ankamangira ndalama pakansalu n'kupatsira aliyense wodutsa pa Nyamapanda, mmene anthu kumudzi anafika podya gaga ndi mizu ya nthochi, ndi mwana wa mchemwali wawo amene sanafike pa nthawi yokolola. Anamutchula dzina. Ine ndinali ndisanamvepo dzina limenelo m'nyumba mwathu. Bambo anga anangoti zyoli, manja ali pamutu.

Patapita nthawi agogo anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kuti, “Yatsa, tione ngati mwanayu apambane.” Madzi atayamba kutuluka m'chitsime kupita kumunda, anawomba m'manja pang'onopang'ono monga amachitira pothokoza mfumu.

Ku holo simungauze munthu woyendetsa makina kuti aimike filimu chifukwa gogo wanu wakumbuka maliro. Kumeneko filimu ndiyo imalamula, inu mumangotsatira, ndipo pa Black Panther ndi zomwe ndinkafuna. Pakhomo ndi ife timalamula. Timabwezera pomwe sitinamve, timamasulirira agogo Chingerezi, iwonso amatimasulira zimene ojambula sanathe kunena.

Zovuta za pakhomo n'zodziwika, sindizibisa. Magetsi amathima filimu ili pakati, ndiye timadalira batire ya sola yomwe imatha msanga. Intaneti ndi yodula, moti mng'ono wanga amachita kudzuka pakati pa usiku kuti akopere filimu ndi bandulo yotchipa. Mwana alira, mlendo afika, nsima ipsa. Cook Off, filimu yoyamba ya ku Zimbabwe kulowa pa Netflix mu 2020, tinaionera zidutswazidutswa chifukwa cha zomwezi, ngakhale kuti inatisangalatsa kwambiri poona misewu ndi makhitchini ofanana ndi athu. Ndipo chithunzi cha pa TV yaing'ono chimabera filimu ulemerero wake. Minda youma ya ku Wimbe ija, thambo lopanda mtambo ndi umodzi womwe, ndimalakalaka nditaziona pa chinsalu chachikulu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mafilimu a ku Malawi safika m'maholo a kuno, chonsecho Achewa, Ayao ndi Angoni tadzaza ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Epworth. Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, mafilimu omwe anayamikiridwa m'maiko ena, koma anzanga ambiri obadwira kuno sanawamvepo n'komwe.

Ndiye tagwirizana ndi anyamata a kutchalitchi kwathu kuti tibwereke pulojekita, tipachike nsalu yoyera pakhoma la mpanda, tiyale mphasa kutsogolo kwa agogo ndi ana, mabenchi kumbuyo. Tikufuna kuyamba mvula isanagwe, Loweruka madzulo, ndipo aliyense wofuna kuimitsa filimu kuti anene zake adzaloledwa. Maputi, chimanga chokazinga chija, tidzagula pamsika. Chomwe chikusowa ndi mafilimuwo. Ngati muli ndi m'bale amene akubwera pabasi kuchokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, mupempheni atigulireko ma DVD enieni a Joyah, osati okopera, kuti mwini wake apezepo kanthu. Ndidzakawalandira ndekha pokwerera mabasi pa Roadport ndi kubweza ndalama yake.