Getsi la m'kolido silinayake usiku wathawu

Lachitatu

Ndadzidzimuka 4 koloko isanakwane nditamva amayi akupapasa khoma la m'kolido. Mdima unali bii, getsi silinayake. Ndinathamanga kukawagwira mkono, iwo n'kungoti, "Kagone mwanawe, njira ndikuidziwa." Koma tulo tinandithera pomwepo. Sensa, kachipangizo komva munthu akamadutsa kuti getsi liyake lokha, ndinaiika chifukwa cha iwowo, kuti akamapita kubafa usiku asamafufuzenso switchi mumdima, pakuti maso awo ayamba kufooka ndipo akangopunthwa kamodzi zikhoza kukhala zina.

Kutacha ndinakhala pansi ndi kompyuta n'kuwerenganso lamulo lomwe ndinalemba dzulo. Ndinali nditalemba kuti munthu akadutsa dzuwa litalowa, getsi liyake. Ndinaliyesa cha m'ma 8 koloko usiku, linayaka bwinobwino, ndinakagona mtima uli m'malo. Vuto linali pa mawu oti "litalowa". Ife timadziwa kuti usiku ndi umodzi kuyambira chisisira mpaka m'bandakucha, koma kwa makina tsiku latsopano limayamba 12 koloko usiku. Ikakwana 4 koloko m'mawa, dzuwa la tsiku limenelo silinalowe, lidzalowa madzulo. Ndiye lamulo langa linkagwira ntchito theka la usiku lokha, n'kusiya maola omwe amayi amadzuka kawirikawiri.

Ndachotsamo mawu amenewo. Tsopano funso lomwe makina akufunsa ndi lakuti, pakadali pano dzuwa lili pamtunda wotani? Pulogalamu ya Home Assistant, yomwe imayendetsa magetsi a m'nyumba mwathu, imawerengera zimenezi m'madigiri, pogwiritsa ntchito deti, nthawi ndi malo pomwe nyumba ili pamapu. Dzuwa likakhala m'mwamba nambala imakhala yoposa ziro, likamira imatsika kunsi kwa ziro, ndipo 12 koloko usiku siisokoneza kanthu.

Apa ndakhalitsapo, chifukwa nkhaniyi yandikoka mtima. Chomwe timati kulowa kwa dzuwa chimawerengedwa pomwe pakati pa dzuwa patsika ndi madigiri 0.833 kunsi kwa mzere womwe thambo limakumana ndi dziko. Mpweya umapinda kuwala, ndiye timaonabe dzuwa kwa kanthawi ngakhale litamira kale. Kuchokera pamenepo kunja kumaonekabe mpaka litatsika madigiri 6, m'pamene munthu amayamba kufunadi nyale. Ambiri amangolemba kuti getsi liyake pakapita mphindi 30 dzuwa litalowa, koma chisisira sichitalika mofanana. Kufupi ndi mzere wa equator, pakati pa dziko lapansi, chimatha m'mphindi 20 ndi pang'ono, pomwe ku London mwezi wa Juni chimapitirira mphindi 40. Komweko dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane mu Disembala, koma mu Juni limalowa itadutsa 9 koloko usiku, zonsezi chifukwa dziko lathuli n'lopendekeka ndi madigiri 23.4. Woika nthawi ya pa wotchi amakhala akusintha chaka chonse. Woika madigiri amaika kamodzi basi.

Getsi lapakhomo ndaliika kuti lizimvera sensa dzuwa likatsika madigiri 4. La m'kolido ndaliika pa madigiri 5 dzuwa lisanamire, poti mulibe zenera ndipo mumada kunja kukadali kowala. M'mawa malire ndi omwewo, kungoti dzuwa likukwera.

Cha kumasana ndinakwera pampando kukasuntha sensa. Masensa a mtundu wa PIR, monga yangayi, saona munthu monga ionera kamera. Amamva kusintha kwa kutentha kochokera m'thupi munthu akamadutsa m'timizere tomwe kapulasitiki kakutsogolo kamagawa. Ndiye amagwira msanga munthu wodutsa chopingasa kusiyana ndi wobwera molunjika. Yanga inali kumapeto kwa kolido, kuyang'anizana ndi chitseko cha amayi, kutanthauza kuti ngakhale lamulo likanakhala bwino, akanayenda mapazi angapo getsi lisanayake. Ndaiika cham'mbali, pafupi ndi chitsekocho. Ndinadutsapo kakhumi, pang'onopang'ono monga ayendera iwo, ndipo sensa ikundimva phazi likangotuluka m'chipinda.

Kubafa ndangotalikitsa nthawi yomwe getsi limadikira lisanazime, kuchoka pa mphindi imodzi kufika pa zisanu, chifukwa munthu akakhala phee sensa imeneyi imayesa kuti wachoka. Alipo masensa a radar omwe amamva ngakhale kupuma kwa munthu wokhala chete, ndipo ndikuganiza zoika imodzi m'menemo.

Itadutsa 3 koloko kunachita mitambo yakuda, m'nyumba monse munada ngati madzulo. Masamu a dzuwa sadziwa za mitambo, getsi linangokhala chozima. Sensa yanga imayezanso kuwala kwa m'chipinda, ndiye ndinawonjezera kuti kuwala kukachepa kwambiri getsi liziyaka ngakhale dzuwa lili m'mwamba. Apa pali msampha: babu ikayaka, sensa imaona kuwala kwa babuyo n'kuganiza kuti kwayera, n'kuzimitsa, kenako n'kuyatsanso. Ndakonza kuti muyeso wa kuwala uzifunsidwa poyatsa pokha, pozimitsa ayi.

Chomwe ndasangalala nacho kwambiri ndi mphamvu ya kuwala. Kuyambira 10 koloko usiku babu iziyaka pa 10 peresenti yokha, kuwala kwachikasu kwa 2700 Kelvin (muyeso wa mtundu wa kuwala). Kuwala koyera mbee kumathobwa m'maso munthu wongodzuka kumene, ndipo kumathamangitsa tulo. Ndikufuna amayi aziona pansi pomwe akuponda, abwerere, agonenso.

Madzulo ndinawapeza atazimitsa switchi yapakhoma, poti anazolowera kusasiya magetsi chiyakire. Ndinawafotokozera kuti, "Amayi, iyi muziisiya choncho. Mukaizimitsa, babu imasowa moto ndipo siingamvenso sensa. Izizima yokha." Anandiyang'ana kanthawi n'kufunsa kuti, "Nanga idziwa bwanji kuti kwada?" Ndinawaonetsa nambala ya dzuwa pafoni ikutsika, 7, kenako 6. Tinakhala limodzi tikuyang'anira, ndipo itafika pa 5 ndinawapempha kuti adutse. Anadutsa, getsi n'kuyaka. Anabwerera n'kudutsanso kachiwiri, akumwetulira.

Pa switchi ndamatapo katepi kuti dzanja lisapiteko mwachizolowezi. Alamu ndayitchera 3 koloko ya usiku, ndikadutse ndekha m'kolidomo iwo asanadzuke.