Thirakitala yafafaniza mtumbira wa zikumbu za Meloe

Lachitatu sindidzaliiwala. Ndinafika pamalo athu owerengerapo tizilombo m'mphepete mwa nyanja ku Devon, dera la ku England, n'kupeza mtumbira wonse woyang'ana kudzuwa atausalaza ndi thirakitala. Akuluakulu oyang'anira malowa anavomereza kuti "akonze njira" alendo asanachuluke, koma palibe anafunsa ife amene timagwada pansi pamenepo chaka ndi chaka.

Anzanga a ntchitoyi mukudziwa chimene chatayika. Mu Epulo muno m'pamene Meloe proscarabaeus yaikazi (mtundu umodzi wa zikumbuzi), chimimba chotupa ikuchikoka pansi chifukwa timapiko take n'tatifupi ndipo siuluka, imakumba una m'dothi louma n'kuikira mazira ofika ngakhale 1,000. Timphutsi tikaswa timakwera pa maluwa n'kudikira njuchi zija zokhala zokhazokha, zokumba mauna awo m'nthaka. Njuchi ikatera, kamphutsi kamaigwira ubweya, kamapita nayo kuchisa, kamadya dzira la njuchiyo ndi mungu umene inasungira mwana wake, n'kukula momwemo mpaka chaka chamawa. Choncho thirakitala ija yakwirira zonse pamodzi: mazira a chikumbu, zisa za njuchi, ndi maluwa oti awiriwa akumanirepo. Chikumbu chosauluka sichingasamukire kutsidya kwa chigwa.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti tili ku Devon. Kuno n'kumene mitundu ina iwiri ya zikumbuzi inaonekanso: Meloe brevicollis, imene anthu ankayesa kuti inatha m'dziko la Britain, inapezekanso mu 2006, ndipo Meloe mediterraneus inatulukiranso konkuno mu 2012. Zikumbu za Meloe zikupezekabe m'madera ambiri a ku Ulaya, inde, koma udzu wamaluwa akutchire ukuchepa ponseponse.

Masiku enawo ntchito inali ya masiku onse: kuyenda m'mizere, kuwerenga, kulemba pa GPS, mvula kutithamangitsa. Magolovesi amene tinapempha kalekale sanabwerebe. Mtsikana amene tikumuphunzitsa ntchito ananyamula chikumbu chimodzi ndi manja kuti achichotse panjira ya anthu, icho n'kutulutsa mafuta achikasu aja m'mfundo za miyendo. Cantharidin, poizoni wa m'mafutamo, sanyengerera, pofika madzulo chala chinali chitatuluka thuza.

Lipoti ndalemba, ndaphatikizapo zithunzi za mtumbira usanasalazidwe. Ndapempha mpanda kuzungulira kachigawo katsalako, komanso kuti thirakitala isalowenso tisanasayine ife.