Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Tsache la ku Trongate

Gawo lapita ndinalekezera poti ndapeza ntchito ya keya ku Glasgow, ija yogona maso usiku wonse kusamalira agogo, ndipo ndinakuuzani kuti miyezi yoyamba moyo wanga unali ntchito, kunyumba, kutchalitchi, basi. Lero ndikufuna ndikuuzeni za malo amene anandichotsa m'chipinda muja, chifukwa abale ndikanapitiriza kudzitsekera choncho kaya mutu wanga ukanakhala bwanji.

Linali Loweruka, mvula ya ku Scotland ija yosagwa zenizeni koma yongonyowetsa ikuwaza, ine ndatsika basi pa msewu wa Trongate kukafuna jekete lotchipa. Ndiye pakona pa kanjira kopapatiza kotchedwa New Wynd panaima gogo wina wamwamuna atavala chipewa chachitali chakalekale, akugawa timapepala. Anandipatsa kamodzi nkuti lowani mayi mudzaone, palibe tikiti, mukafuna mudzaponya kangachepe m'bokosi. Kunena zoona ndinalowa kuthawa mvula. Ndinakwera masitepe aja ndikudzifunsa kuti kodi ndikupita kuti ine, poti pansi pake pali malo a makina a juga, magetsi ali phethiphethi, palibe chosonyeza kuti pamwamba pali chinthu cha nzeru.

Nditafika pamwamba ndinangoti kakasi. Holo yaikulu yamatabwa, penti atasupuka, mipando ya m'mwamba itazungulira mbali zitatu, kutsogolo siteji. Kuzizira kwake ngati Dedza mu June. Fungo lake la fumbi ndi matabwa akale, ngati mwatsegula sutikesi ya agogo. Dzina lake ndi Britannia Panopticon. Nyumbayo anaimanga mu 1857 ndipo inayamba kulandira anthu odzaonera nyimbo ndi nthabwala mu 1859, ndipo atatchula chakacho mtima wanga unadumpha chifukwa tonse tinaloweza ku pulayimale kuti 1859 ndi chaka chomwe David Livingstone anafika pa nyanja yathu. Munthu wobadwira ku Blantyre wa konkuno, mtunda wochepa chabe kuchoka pomwe ndinaima. Ndiye taganizani, iye akuyenda m'mbali mwa Shire, kwawo kuno anthu akukhomerera matabwa omwe ine ndinapondapo tsiku limenelo.

Mayi wina wa mavolontiya anatitenga kagulu kathu nkumatifotokozera. Akuti m'holomo munkadzaza anthu okwana 1,500, ambiri anali amuna ogwira ntchito yokhoma sitima zapamadzi mu mtsinje wa Clyde ndi a m'mafakitale, osauka okhaokha, othinana ngati matemba m'chigoba. Ndipo sanali anthu ochezeka ayi, ukakwera pa siteji nkulephera kuwaseketsa ankakugenda ndi misomali ya sitima ija, zipatso zoola ngakhale ndowe za akavalo. Mu 1906 bambo wina wotchedwa A. E. Pickard anatenga malowa nkuwonjezera zinyama zoonetsa m'chipinda chapansi ndi zidole za sera zooneka ngati anthu, ndiye dzina loti Panopticon linabwera nthawi imeneyo. Chaka chomwecho mnyamata wa zaka 16, Arthur Stanley Jefferson, anakwera pa siteji imeneyi koyamba. Ameneyu ndi amene dziko linadzamudziwa kuti Stan Laurel, wowonda uja wa Laurel ndi Hardy. Ine atangonena za awiri oseketsa, wina wochenjera wina wopusa, m'mutu mwanga munabwera Izeki ndi Jakobo, ndipo ndinaseka ndekha mpaka anthu kutembenuka.

Holoyi inatsekedwa mu 1938, makanema atsopano atalanda anthu. Anaigula a telala, nkukhoma siling'i yotsika yomwe inabisa mipando ya m'mwamba yonse, moti kwa zaka pafupifupi 60 anthu ankadutsa pa Trongate osadziwa kuti pamwamba pa mitu yawo pagona chinthu chotere. Mu 1997 mayi wina dzina lake Judith Bowers analowa, nasuzumira kuseri kwa siling'i ija, ndipo kuyambira pomwepo anadzipereka kuisamalira. Iyeyo ndi amene anasonkhanitsa anthu nkuyambitsa gulu la abwenzi a holoyi, lomwe likuisamalira, kuitsegulira alendo ndi kufunafuna ndalama zokonzera. Chimene chinandigwira mtima ine ndi chakuti mayiyu sanali mwini nyumba, sanali nduna, sanali mpondamatiki. Anangoona chinthu chikuwola nkuti ayi, ichi sichifa ine ndikuona.

Titamaliza ndinafunsa mayi wotiyendetsa uja kuti kodi inu amakulipirani zingati, iye nkuseka, akuti mwana wanga ngakhale tiyi timagula tokha. Ndinafunsanso ngati munthu ngati ine angathandize. Anandiyang'ana nkuti umatha kugwira tsache? Heee, kufunsa mwana wa ku Ndirande ngati amatha kusesa!

Loweruka lotsatira ndinabwera nditangoweruka shifiti ya usiku, maso ali psuu, ndipo anandipatsa tsache ndi magolovesi. Koma musaganize kuti kunali kusesa kwa pabwalo kuja kongokokolola. Anandichenjeza kuti chilichonse chotuluka m'ming'alu ya matabwa usataye, bwera nacho. Pali kabati ya galasi momwe amaikamo zomwe anatola pansi pa matabwa, mabatani a mathalauza ambirimbiri, mapaketi a ndudu, timapepala ta zoonetsa. Tsiku lina nanenso ndinatola batani, kakang'ono kakuda kokhala ndi mabowo anayi, kodyeka mbali imodzi. Ndinakaika pachikhatho nkumaganiza kuti mwini wake anali ndani, mwina anachoka ku ntchito manja ali bii, walipira kandalama kake komaliza kuti aseke pang'ono aiwale mavuto, ndipo mwina mkazi wake anakalipa kunyumba kuti batani lapita kuti. Ndinalira, osadziwa kuti ndikulira chani. Mwina chifukwa nanenso ndinali munthu wotopa ndi ntchito wobwera kudzapuma m'holo yomweyo.

Anthu ndinawapeza mmenemo ndi amene ndikufuna muwadziwe. Gogo wa chipewa uja anapuma ntchito kalekale, miyendo imamuvuta koma amaima pakona paja maola atatu kuitana anthu. Panali mayi wina wosoka amene ankakonza zovala zakale zovala pa zoonetsa, mnyamata wa ku yunivesite woona za magetsi ndi zokuzira mawu, ndi bambo wina wachete amene ntchito yake inali kuwerenga makobidi a m'bokosi nkulemba m'kope mpaka kakobidi komaliza. Atsogoleri ake a gululi ndi amene ankasenza katundu wolemera kwambiri ndipo ambiri sitinkamuona, kulemba makalata opempha thandizo, kukhala pa misonkhano ya komiti mpaka usiku, kuyankha za chitetezo cha moto poti nyumba ndi yamatabwa, ndiponso nyumbayi ili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa wa gulu A ndiye sungangokhoma msomali paliponse mmene wafunira. Kenako munthu yemweyo umupeza wagwada akukolopa masitepe. Kunyumba tinazolowera kuti wapampando amakhala kutsogolo kudikira fanta, koma kuno ndinaona wapampando atanyamula ndowa.

Sikuti zonse zinali zokoma ayi. Timakangana ndithu, wina akufuna ndalama zipite ku denga wina akuti tiyambe mawindo, ndipo tsiku lina tinakonzekera sabata yonse koma kunabwera anthu osakwana khumi, tinangogawana masikono otsala mwakachetechete. Koma usiku womwe tinaonetsa kanema wakale wopanda mawu, munthu akuimba piyano pambali, anthu atafunda mabulangete m'mipando chifukwa cha kuzizira, ndinamva holo yonse ikuseka pamodzi, kuseka kochokera m'mimba, ndipo matabwa aja amabweza phokoso mwa mtundu wina wake moti umamva ngati anthu ndi ochuluka kuposa omwe ukuwaona.

Usiku umenewo pobwerera pa basi ndinkangoganiza za French Cultural Centre ku Blantyre. Malume anga ndi amene ananditengera kumeneko koyamba ndili kamtsikana kukaonera zisudzo za gulu la Kwathu, ndipo ndikukumbukira anthu atadzaza mpaka ena kukhala pansi, ndi mmene akuluakulu ankatchulira dzina la Du Chisiza ndi gulu lake la zisudzo la Wakhumbata mwaulemu. A ku France atachoka, akuba analowa nkuzula zomwe akanatha kuzula, ndipo ine nditamva nkhaniyo nthawi imeneyo ndinangoti zachisoni, nkupitiriza zanga. Sindinaganizepo kuti mwina tikanasonkhana anthu makumi awiri okha a ku Ndirande, Chitawira ndi Zingwangwa, wina tsache wina loko wina kugona pakhomo, zina zikanapulumuka. Zimandiwawa mpaka lero, ndipo ndinamuimbira foni mchemwali wanga usiku womwewo kumufunsa ngati akukumbukira tsiku lija malume anatigulira chimanga chootcha pageti. Anati akukumbukira, mpaka mtundu wa diresi yomwe ndinavala.

Ndinakhala ndikupita ku Trongate pafupifupi Loweruka lililonse kwa zaka ziwiri. Patapita miyezi ingapo anandichotsa pa tsache nkundiika pakhomo kulandira alendo, kenako tsiku lina mayi woyendetsa alendo uja anadwala chimfine nkundiuza kuti lero uwayendetsa ndiwe. Chizungu changa chinkanjenjemera koma ndinafotokoza zonse, 1857, Pickard, Stan Laurel, mabatani, ndipo nditafika pa 1859 ndinawonjezera za nyanja yathu, zomwe panalibe anandiuza kuti ndinene. Pagulupo panali bambo wina wamtali amene anadikira onse atuluke, nkubwera pafupi nkundifunsa m'Chichewa chomveka bwino kuti, "Achemwali, kwanu nkuti?"

Za bambo ameneyu ndikuuzani gawo likubwerali.