Khodi ya Eni Ake, Nkhokwe Yathu

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikugwiritsa ntchito FreeBSD, dongosolo loyendetsera kompyuta, ndipo chimene ndinachedwa kuchimvetsa n'chakuti mapulogalamu ambiri amene ndimatsegula tsiku ndi tsiku si a FreeBSD ayi. Anthu a FreeBSD amalemba ndi kusamalira phata la dongosololi, pomwe Firefox, Python, LibreOffice ndi ena masauzande ambiri ali ndi eni ake kwina. Chimene chimasungidwa m'chigawo chotchedwa ports, chomwe Jordan Hubbard anayambitsa mu 1994, ndi malangizo chabe onena kumene khodi (zolemba zimene zimasandutsidwa pulogalamu) ikatengedwe, zoyenera kukonzamo, ndiponso mmene imangidwire.

Mukatsegula foda ya port imodzi mupezamo Makefile, fayilo ya malangizo omangira, ndi kafayilo kena kotchedwa distinfo. Kafayilo kameneka kawirikawiri kamakhala ndi mizere itatu yokha, koma ndiko kamene kamalondera pakhomo, pakuti kamasunga kukula kwa fayilo ya khodi pamodzi ndi nambala yake ya SHA256, yomwe imawerengedwa kuchokera ku zonse zimene zili m'fayiloyo. Fayilo yotsitsidwayo ikasiyana ngakhale pang'onong'ono ndi imene wosamalira port anaiona, manambala sagwirizana ndipo ntchito yomanga imaima pomwepo.

Ndinali ndi port yangayanga ya kapulogalamu kosinthira mafayilo a mawu, kamene kanalembedwa ndi munthu mmodzi yekha. Tsiku lina ndikumanganso zonse pa kompyuta yatsopano, ndinangoona uthenga wakuti fayilo sinapezeke, ndipo nditapita pamalo pamene khodiyo inkasungidwa ndinapeza kuti mwini wake anafufuta zonse osasiya ndi mawu omwe. Malangizo ndinali nawo, nambala ya SHA256 ndinali nayo, koma chomangira panalibe. Chinandipulumutsa ndi diski yakale imene ndinali nditatsala pang'ono kuitaya, yomwe inali idakasunga fayiloyo mu /usr/ports/distfiles.

Zoterezi sizichitikira timapulogalamu ting'onoting'ono tokha. Google Code, malo a pa intaneti osungirako khodi, inatsekedwa mu 2016, ndipo ntchito zambiri zinasamukira kumalo ena otero otchedwa GitHub, imene Microsoft inagula mu 2018 pa mtengo wa madola 7.5 biliyoni. Mu Okutobala 2020 khodi ya youtube-dl, pulogalamu yotsitsira mavidiyo, inachotsedwa kumeneko bungwe la makampani a nyimbo a ku America la RIAA litadandaula, n'kubwezedwa mwezi wotsatira. Chimene chimandiphunzitsa kwambiri n'cha Januwale 2023, pamene GitHub inasintha njira yofinyira mafayilo amene imapanga yokha munthu akafuna kutsitsa khodi. Khodiyo sinasinthe ngakhale chilembo chimodzi, koma manambala olondera aja anasintha, moti mapulogalamu ambiri anakana kumangika kufikira kampaniyo itabweza zinthu mwakale. Palibe amene analakwa mwadala apa. Kungoti amene amasunga katundu wanu m'nyumba yake akhoza kusuntha mipando osakufunsani.

Ndinene pano kuti nambala yolondera nayonso ili ndi malire ake. Mu Malichi 2024 Andres Freund anatulukira msampha umene unabisidwa mu pulogalamu yofinyira mafayilo ya xz 5.6.0 ndi 5.6.1, ndipo mbali ina ya msamphawo inali m'mafayilo otulutsidwira anthu koma inalibe mu Git, momwe mumasungidwa khodi ndi mbiri ya kusintha kwake. Nambala inkagwirizana bwinobwino, chifukwa imangotsimikiza kuti mwalandira chimene wotulutsa anapereka, osati kuti chimene anaperekacho n'chabwino.

N'chifukwa chake ndimaona kuti FreeBSD inachita mwanzeru pamene inachoka pa njira yakale yosungira khodi ya Subversion kupita pa Git, kuyambira mu Disembala 2020 kufikira ports mu Epulo 2021, koma n'kusunga khodi yake pa seva yakeyake, GitHub n'kungokhala galasi loonerapo. Imasunganso makope a mafayilo a eni ake aja, kuti gwero likauma pakhale potunga pena. Debian, dongosolo lina loyendetsera kompyuta, nayo imasunga khodi ya phukusi lililonse m'nkhokwe yake pamodzi ndi pulogalamu yomangidwa kale. Ena amati kuchita zimenezi n'kudzipatsa ntchito yosafunika komanso kuthamangitsa achinyamata amene anazolowera GitHub, ndipo pa mfundo yachiwiriyi sindingawatsutse kwenikweni, popeza kutumiza zokonza zako kumene anthu ambiri ali kale n'kosavuta.

Kapulogalamu kaja ndikukagwiritsabe ntchito. Khodi yake tsopano ili pa seva yanga yaing'ono, Makefile ndinaisintha kuti izikatenga kumeneko, ndipo foda ya distfiles ndinaiwonjezera pa mndandanda wa zinthu zimene zimakopedwa pa diski ina Lamlungu lililonse usiku.