Tambala wa 1971 walowa m'bokosi langa

Mwezi uno ndapeza ndalama yachitsulo imene ndakhala ndikuifunafuna kwa nthawi yaitali, ya 1 tambala ya chaka cha 1971, chaka chimene dziko lathu linasiya mapaundi ndi masheleni n'kuyamba kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala. Anandipatsa ndi azakhali anga, amene anaipeza pansi pa chitini chosungiramo mabatani ndi singano, ndipo anadabwa kuona munthu wamkulu ngati ine ndikuilandira ndi manja awiri.

Cholinga changa chikadali chomwe chija, kusonkhanitsa ndalama zonse zachitsulo za Malawi zimene zili ndi chithunzi cha nyama. Njovu ndinazipeza kale pa 20 tambala ndiponso pa 10 kwacha ya 2012, nkhwazi ili pa 1 kwacha, ndipo mbalame ya m'madambo ya khosi lalitali, yofanana ndi kakowa, ndili nayo pa 5 tambala ndi pa 5 kwacha. Kambalame ka mchira wautali ka pa 2 tambala nakonso kalipo, ngakhale kuti kanafufutika kwambiri.

Koma tambalayu ndiye wandiganizitsa kuposa zonse. Ndikaziyala pa nsalu, ndimaona kuti zinazo ndi za kutchire ndi kunyanja, nyama zimene ambiri a ife timaziona pokhapokha titapita ku Liwonde kapena ku Kasungu, pamene iyeyu yekha ndi wa pakhomo, wogona m'khola la kuseri kwa nyumba, amene amadzutsa mayi kuti akatunge madzi ndi bambo kuti anyamule khasu. Ndalamayi ndi yaing'ono, yofiirira, ndipo pansi pa galasi lokulitsira zinthu lipombo ndi nthenga za kumchira zikuonekabe bwino, pamene kuseri kwake kuli nkhope ya Dr. Hastings Kamuzu Banda. Tambala sanafike pa ndalama mwangozi ayi. Anali chizindikiro cha chipani cha Malawi Congress Party, cholengeza kuti kunja kwacha, ndipo anaonekera kale pa sikisipensi ya 1964 ufulu utangobwera. Ulamuliro wa zipani zambiri utayamba mu 1994, ndalama ya 1 tambala ya 1995 inatuluka ndi nsomba ziwiri m'malo mwake. Chithunzi chinachoka, koma dzina linatsala, moti mpaka lero timati matambala 100 ndiwo kwacha imodzi, ngakhale palibenso chimene munthu angagule ndi tambala pamsika.

Ine ndimaona kuti kuchoka kwake kunali koyenera, chifukwa ndalama ndi ya aliyense, si ya chipani. Komabe zimandikhudza kuti kuyambira pamenepo ziweto zathu zilibe malo pa ndalama zachitsulozi. Mkango ndi kambuku zagwira chishango cha dziko, nkhwazi ili pamwamba pake, koma mbuzi ndi ng'ombe zimene zimalipirira ana sukulu ndi kuthandiza pa maliro sizioneka paliponse.

Pa kasamalidwe ndaphunzirapo kanthu mowawa. Chaka chatha ndinakwecha 20 tambala imodzi ndi phulusa ndi mandimu pofuna kuti iwale, ndipo inatuluka ndi timizere tambirimbiri pa msana wa njovu timene sitingachokenso. Tambala watsopanoyu ndangomutsuka ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, ndamupukuta ndi kansalu kofewa, kenaka ndamuika m'kaenvelopu kakekake kolembedwa chaka ndi kumene ndinamupeza.

Zimene zatsala tsopano ndi sikisipensi ya 1964 ija ndi 1 kwacha ya 1992, imenenso ili ndi tambala. Azakhali andiuza kuti kumudzi kuli sutikesi yakale ya malemu agogo imene sinatsegulidwe kwa zaka zambiri, ndipo tagwirizana kuti tikaitsegule limodzi tikatha kukolola.