Laisensi ya mwana wa zaka 8

Mwezi watha aphunzitsi anatiuza kuti aliyense asankhe usodzi wa dziko lina, afufuze mmene eni ake amauyendetsera. Ine, kaya n'chifukwa cha matama, ndinatola lobster wa ku Maine, ku America, chinyama cha mtundu wa nkhanu chimene sindinachionepo ndi maso, kulawa ndiye osanena.

Masiku oyamba ndinkangosirira. Asodzi a ku Maine amatchera misampha ya waya yonga mono wathu, ndipo msodzi mmodzi sapitirira misampha 800. Lobster aliyense amamuyeza chigoba. Chikachepera mainchesi 3.25, abwerere m'madzi. Chikaposa mainchesi 5, abwererenso, poti akuluakuluwo ndiwo mbewu. Wamkazi akapezeka ndi mazira amamucheka kachizindikiro ka V kumchira, kuti womugwira mawa amusiyenso. Mu 2016 anavuula mapaundi oposa 130 miliyoni. Ndinalemba m'kope ndi zilembo zikuluzikulu kuti tikanatero ku Malombe, bwenzi chambo chilipobe.

Chimwemwe chinandithera pa nkhani ya laisensi. Kumeneko laisensi sagulitsa, ndipo mwini wake amayenera kukwera yekha botilo, zomwe zimatsekereza makampani akuluakulu. Mpaka apo zili bwino. Koma wofuna kulowa amayamba waphunzira ntchito maola 1,000, masiku 200, kwa zaka zosachepera ziwiri. Akamaliza, m'zigawo zambiri mwa zigawo 7 za gombelo amakaima pamzere kudikira kuti madala apume pantchito, ndipo ena adikirapo zaka zoposa 10. Pali kakhomo kakumbali komwe kanandidabwitsa: mwana wa sukulu amatha kutenga laisensi ali ndi zaka 8, n'kuyamba ndi misampha 10, ndipo akakwanitsa maola ake asanafike zaka 18, za mzere sazidziwa.

Nanga mwana wa zaka 8 apita panyanja ndi yani? Ndi bambo ake, kapena amalume okhala ndi boti. Mnyamata amene wadzaukonda usodzi ali ndi zaka 25 amathera kumbuyo kwa boti la eni ake, kuthira nyambo yonunkha m'timatumba, kumanga zala za lobster ndi timphira, madzulo n'kulandira gawo lake. Apa ndinaika cholembera pansi, chifukwa ndinaona msuweni wanga ku Mangochi, mlovi (wogwira ntchito m'boti la eni ake) wa zaka zambiri, wodziwa nyanja kuposa bwana wake, koma alibe ngakhale nyali imodzi yoti n'kuloza kuti ndi yake.

Ndipo ngakhale walowayo asagone tulo. Madzi a Gulf of Maine, komwe asodziwa amatchera misampha yawo, akutentha mofulumira kuposa nyanja zambiri padziko, ndipo kumwera kwake, ku Long Island Sound, lobster anafa mochuluka mu 1999, usodziwo osadzukanso. Wachinyamata amene akukongola ndalama za boti lero akubetcha pa madzi a zaka 20 zikubwerazi. Onjezani mtengo wa nyambo, mafuta, ndi malamulo a zingwe za misampha oteteza anangumi.

Chiganizo cha Malombe chija sindinachifufute, ndangolemba funso pansi pake: tikadzachepetsa asodzi kuti chambo chibwerere, chilolezo chidzapita kwa mwini zida kapena kwa mlovi? Aphunzitsi atawerenga anazunguliza funsolo ndi cholembera chofiira, n'kundiuza kuti ndikalifunse pa msonkhano wa komiti ya pagombe tikapita ku Salima mwezi wamawa. Ndayamba kale kuchita mantha.