Mtsinje wa Mudi ukundimvetsa chisoni

Ndadutsa pa mlatho wa Mudi mumzinda wa Blantyre m'mawa uno, mpaka pano fungo lake lidakali m'mphuno. Madzi akuda bii, thovu likuyandama, majumbo ndi matewera a ana zili mbwee m'mphepete. Koma chandiwawa kwambiri ndi mayi ena amene ndawaona chakumunsi akuchapa, kamwana kawo kakuseweretsa madzi omwewo.

Abale, kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Tayiwala kale? Zonyansa za m'mafakitale ndi za m'mapaipi a suweji ophulika zikuthera mumtsinjewu, ife n'kumangodutsa titatseka mphuno. Nanga amene alibe ndalama yogulira madzi pakiyosiki alowere kuti?

Mvula ili pafupi. Kwathu ndayambiratu kuthira kolorini m'ndowa ya madzi akumwa, ndipo zinyalala sititayanso m'ngalande.